Nkhanga ya Masekondi Makumi Anayi

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo malotowo muwamve kaye musanandionetsenso foni. Lonjezo, tabweza manowo m'kamwa, ndaona kale kuti kachidutswa kathu kayenda. Ndaziona, iwe unali kumudzi sabata yonse, ndiye ndiyambe ndakuuza chomwe mnzathuyu akusekerera.

Loweruka tinajambula amalume a Yotamu mu podikasiti yathu, pulogalamu ija ya pa intaneti ya Mpando Wachitatu. Amalume aja ndi nkhoswe, mabanja a kumtundu kwathu pafupifupi onse ali m'manja mwawo. Ola lathunthu anatiuza zaulemu zokhazokha, zoti banja ndi kumvana, zoti nkhoswe sakondera. Ndiye ndinachita zomwe timachita masiku onse. Ndinati, "Tamaliza, amalume," n'kuvula mahedifoni, koma makina osazimitsa, poti munthu amayamba kulankhula zenizeni ukamuuza kuti zatha. Anamwa tiyi, n'kuyamba za achemwali anga a Enelesi, aja amalangiza akwatibwi ku tchalitchi, kuti anathawapo pabanja kanayi, ndipo kanayi konseko iwo anakawabweza kwa alamu a Layisoni. Lonjezo atamva anati apa ndiye pali nyama. Ine dzulo usiku ndinadula masekondi makumi anayi, dzina ndinachotsa, n'kutchera pafoni panga kuti katuluke kokha 6 koloko m'mawa wa lero. Kenako ndinakagona.

Ndiye ndikulota ndili m'chipinda changa chomwechi cha ku Bangwe, mabulangete tapachika m'makoma monga timachitira kuti mawu asamveke ngati tili m'thanki. Kunja dzuwa lili paliwombo, koma wotchi ya pakhoma ikuti 6 koloko yatsala pang'ono. Mwadzidzidzi maikolofoni yathu, ija tinaiveka sokosi ya Lonjezo, inatembenuka n'kundiyang'ana ndi kadiso kake kofiira.

"Ine sindinazime," inatero. "Munauza nkhalamba kuti mwamaliza ine ndili maso psuu. Wabodza ndani, ine kapena inu?"

Ndinati, "Khala chete, ndinakugula mu Limbe uli wothyoka khosi."

"Mukhoza kundizimitsa tsopano, koma ndadya kale."

Ndiye inayamba kudzikoka ngati mphaka wofuna kusanza, mwadzidzidzi m'sokosi muja munatuluka nkhanga, yeniyeni, ya mawangamawanga. Inaima patebulo, inatsegula kukamwa, mawu ake ndi a amalume: "Uyo amalangiza anzake ku tchalitchi uyo, ine ndamubweza kanayi, chikwama chili pakeliyala." Kenako kunamveka kuseka kwanga, kuja ndinaseka Loweruka, kokweza, kopanda manyazi. Itatero inadumpha pawindo. Ndinangodziwa, monga umadziwira zinthu kumaloto popanda wokuuza, kuti ndikapanda kuigwira 6 koloko isanakwane, achemwali anga ali pamavuto.

Ndiye ndikuthamanga opanda nsapato, mwadzidzidzi ndili m'minibasi yopita ku Limbe, nkhanga ija ili padenga, ndikumva zikhadabo zake. Nditayang'ana okwera, onse ndikuwadziwa. Anali omvera athu aja, makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Chaka ndi miyezi iwiri tikuuma kukhosi m'mabulangete, omvera athu onse n'kukwana m'minibasi imodzi, ena atakhalirana pamiyendo. Bambo uja wa ku Joni, amene amatilembera "moto moto" pa gawo lililonse, anali mtulo, kukamwa yasa. Iwe Lonjezo unalimo katatu, aliyense ndi foni yake, ndipo usakane, nkhani ya mafoni atatuwo ndinaidziwa kalekale. Amayi anga anakhala kutsogolo, foni ili m'thumba la shuga ikudzilankhulira yokha.

"Ndimaitsegula n'kuisiya, Mwatitha mwanawe, kuti nambala ikwere," anatero. "Zimene mumakambazo ine zimandipatsa tulo."

Kondakitala anali bandulo yanga ya intaneti, yowonda, ikucheperachepera tikamayenda. Simaitana masiteji, imaitana mphindi. "Mphindi yoyamba, otsika?" Anatsika khumi. "Mphindi yachitatu, pamene Mwatitha amayamba kupereka moni kwa anthu amene kulibe, otsika?" Anatsika pafupifupi onse, ena kudzera pawindo. Pofika mphindi yakhumi, amayi anga anali atatsika n'kusiya foni pampando, Malonjezo atatu aja atazima ndi kutha kwa batire. Ndiye ndinacheuka, kumpando wakumbuyo kwatsala munthu mmodzi yekha, atafunda chitenje, kachingwe kali m'khutu. Anali achemwali a Enelesi.

"Ine sinditsika," anatero. "Ndimamvera mpaka kumapeto, Mwatitha. Ndimaika m'khutu ndikamachapa. Mawu ako amandichezetsa."

Anzanga, inu mukudziwa kuti pa chithunzi chija chotionetsa pamene anthu amasiyira kumvera, mzere umagwa n'kugwa, koma pansi pamatsala kamunthu kamodzi kofika kumapeto. Miyezi yonseyi timaseka kuti ameneyo amaiwala kuzimitsa. Kumaloto ndinamuona nkhope. Ndinafuna kuwauza za nkhanga ili padenga, koma lilime linali litasanduka sokosi.

Mwadzidzidzi minibasi inakwera masitepe n'kulowa m'nyumba yaitali yolembedwa kuti Ofesi Yochulukitsa Omvera. Ndinatsika ndekha, achemwali kulibe, nkhanga yalowa kale m'kati. M'khonde anthu ali mbwee pamabenchi, aliyense atabereka maikolofoni kumsana, ena akuisisita kuti isalire. Pawindo panali mayi wa magalasi.

"Mwabwera kudzachulukitsa?"

"Ayi, ndabwera kudzabweza. Pali kachidutswa ndinakatchera, ndikufuna kasatuluke."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana kudenga, ndiye khungu lake linayamba kubiriwira, kenako kufiira, dzanja likupita ku kabati pang'onopang'ono, likubwerera, likupitanso. Pomafika pa kabatiyo anali bilimankhwe wathunthu, magalasi ali pamphuno. "Fomu yobwezera inatha chaka chatha," anatero. "Palibe amene amaifuna, ndiye sitinasindikizenso. Kaonaneni ndi abwana."

Abwanawo ndinawapeza atavala suti yakuda ndi kolala yoyera, patsogolo pawo pali sikelo yoyezera chimanga, pambali milu ya magawo athu onse. Ananyamula gawo lija tinacheza ndi namwino za matenda a shuga, lija tinalikonza masiku atatu magetsi akuzimazima, analiika pasikelo, muvi osasuntha. Ananyamula la amayi ophwanya miyala ku Njuli, muvi osasuntha. Anangowakankhira pansi ndi chigongono.

"Mayi, inu mumabweretsa mankhwala," anatero. "Ntchentche saiitana ndi mankhwala. Amaiitana ndi chilonda."

Akulankhula choncho mphuno yawo inayamba kutalika n'kuuma, manja a jekete n'kumera nthenga, kolala yokha ndi imene sinasinthe. Anadumphira patebulo ali khwangwala. Ndiye anaweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa nkhanga yanga, anaiika pasikelo, muvi unazungulira katatu n'kuthyoka.

"Izi ndiye zinthu. Chilonda cha ndani?"

"Cha achemwali anga, bwana. N'chifukwa chake ndikufuna..."

"Cha pachibale ndiye chimakoma. Chikatha ichi, muli ndi achemwali ena?"

Ndinati ndilibe. Anati nanga azakhali. Ndinamva kuyabwa pakhosi, nditagwira ndinapeza mkulu uja wa kampani ya sopo, amene anatiuza kuti tidzabwere tikadzafika omvera zikwi zisanu, wasanduka nkhupakupa, tayi ali m'khosi, akundinong'oneza kuti tsopano tikhoza kukambirana. Ndinamuthothola, ndinagwada pamaso pa khwangwala, ndinati chonde. Khwangwala analoza chidindo chimene chinali pa inki, anati nkhani zobweza amadziwa ndi iwowa. Chidindo chinatsokomola.

"Zapabanja sizibwezedwa ndi munthu wamba," chinatero. "Bwerani ndi ankhoswe."

"Ankhoswewo ndi amene ali m'mimba mwa nkhangayi."

"Ndiye mlandu wanu ndi wovuta," chinatero chidindo, n'kudzidinda chokha pamphumi panga.

Khwangwala anatsegula windo n'kuponya nkhanga kunja. Ndinasuzumira, pansi pali msika, ndiye aliyense woikhudza nkhanga ija imagawika pawiri, ziwirizo n'kugawikanso, mayi wogulitsa tomato akupatsira wa makala, wa makala akupatsira gulu lonse la kumpingo kwawo, ponseponse pakungomveka "kanayi, kanayi" ndi kuseka kwanga. Sindinadziwe kuti ndimaseka moipa choncho. Ndinadumpha nanenso.

Ndinagwera pa mulu wa kaunjika, koma sizinali zovala. Wogulitsa anali sizasi, itaima ndi miyendo yake iwiri, ikuitanira, "Zodulidwa, zodulidwa, sankhani nokha." Ndiye ndikufukula, ndikupeza zonse zomwe ndakhala ndikudula chaka chonsechi: zitsokomolo za alendo athu, ma "eee" a Lonjezo okwana dengu, tambala wa aneba, chigayo cha kuseri, Ndaziona akufunsa ngati tayamba. Dzina la achemwali linali pomwepo, litapindidwa bwinobwino. Ndinalionetsa sizasi, ndinati waona, dzina ndinachotsa.

"Munachotsa," inatero sizasi. "Koma ku Bangwe kuno a Yotamu ali ndi adzukulu angati olangiza ku tchalitchi? Mwana wa sitandade wani akhoza kuwerenga."

Mwadzidzidzi china chake chinandigwira mpendero wa siketi kuchokera pansi pa mulu. Chinali chidutswa cha mawu, chonyowa, cholemera. Chinati, "Mwandiiwala? Ine ndinali pakati penipeni, chitangotha chikwama, pamene pali kuseka kwanu tsopano. Kuseka kuja munaseka poyamba, nkhani isanafike pa ine, koma munakusuntha n'kukuika kumapeto." Ndiye chinatseguka, n'kumveka amalume, mawu otsika, aja analankhula atayika kapu pansi:

"Ulendo wachitatu ndinamupeza diso silikutseguka. Mwamuna uja akangovula wotchi n'kuiika patebulo, mwanayo amadziwa kuti lero kulibe mtendere. Ndinamubwezabe, poti ntchito ya nkhoswe amati n'kubweza. Mpaka lero sindigona nazo. Izi zisatuluke m'nyumba muno."

"Ndinali masekondi khumi ndi asanu basi," chinatero chidutswa chija. "Munati ndikuziziritsa nkhani."

Ndinanenadi, Ndaziona. Usamuyang'ane Lonjezo, mawu amenewo ndi anga. Ndinati anthu akamva zimenezi satumiza kwa anzawo, amangoti pepa n'kutseka. Ndiye ndinadula chifukwa chake, n'kusiya mayi wachinyengo wolangiza anzake iye akuthawathawa ndi chikwama. Ndikanena kuti ndinali wosadziwa ndinama.

Ndinanyamula chidutswacho kuti ndikachibwezere pamalo pake, koma chimalemera ngati thumba la simenti lonyowa, ndiye ndikuchikoka, ndikuchikoka, mwadzidzidzi ndili pabwalo pa amalume ku Namiyango. Pali mzere wautali wa anthu awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, mwamuna ndi mkazi. Amalume akhala pampando, malaya atamasula, pachifuwa pali kachitseko ngati ka kabati. Banja lililonse likafika limapisa dzanja, kutulutsa kamtolo kake, n'kumapita osatsanzika. Ena mwa iwo anali atasungitsa zaka makumi awiri. Ndinagwada, ndinati, "Amalume, tiyeni ku ofesi, akufuna ankhoswe." Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, poti mawu awo onse ndinali nawo ine m'makina. Anangondiyang'ana, osati mokwiya, koma monga amayang'anira munthu amene sakumudziwa.

Amene anandiyankha ndi njinga yawo, ija yakuda, itatsamira mtengo wa mango.

"Ine chikwama chija ndachinyamula kanayi," inatero. "Ndikudziwa kulemera kwake, ndikudziwa ndi mmene mwini wake amalirira akuyenda pambuyo panga. Belu ndili nalo, koma munandimvapo?"

Ndinati, "Iwe ndiwe chitsulo, sudziwa kuwawa kolankhula chaka chonse popanda wokumvera."

"Nkhalambayi yamvera anthu zaka makumi atatu popanda kulankhula. Inalankhula kamodzi, kwa mwana wa mlongo wake, itamwa tiyi wake." Inagwedeza chishalo. "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kwerani, ndikakuonetseni kumene wafika."

Ndiye ndinakwera, yokha ikupalasa, tikutsetsereka, mwadzidzidzi tili m'holo ya tchalitchi, muli chilangizo cha mkwatibwi. Amayi adzaza thoo, onse atavala chitenje chofanana. Mkwatibwi wakhala kutsogolo, mutu pansi. Achemwali aima pambali pake atanyamula lichero ndi mthiko, akuti, "Mwanawe, za m'nyumba sauza msewu." Ndiye padenga panayamba kugwa nkhanga, imodzi, zitatu, kenako ngati matalala, iliyonse ikutera pamiyendo pa mayi wake. Amayi aja makutu awo anayamba kukula, kukula, mpaka kugundana. Anayamba ndi kugwedezana zigongono, kenako kuseka kunabuka. Mtsogoleri wa mwambo, mayi wa chipewa chachikulu, anaimirira kuti aletse, koma khosi lake linatupa n'kufiira, anasanduka nkhukundembo, anayenda monyang'wa mpaka kutsogolo n'kulanda lichero m'manja mwa achemwali.

"Wolangiza ayambe walangizika," inatero nkhukundembo. "Takhalani pansi, amayi a chikwama."

Ndinakuwa kuti simunamve zonse, pali china ndinadula, ndili nacho pano. Ndinakweza chidutswa chija m'mwamba, chinayamba kulankhula, koma mawu ake ndi otsika, ndipo bandulo yanga, imene inali itafika ngati njere ya mpunga, inati, "Pepani, ine ndathera pompa." Palibe anamva ngakhale liwu limodzi.

Achemwali sanalire. Anabwera pamene ndinaima, kachingwe kaja kadakali m'khutu, anandikonza kolala ya bulauzi monga ankachitira pondiperekeza kusukulu.

"Afika angati, Mwatitha?"

Ndinayang'ana pakhoma, manambala akuthamanga. Ndinati, "Zikwi zisanu ndi zitatu, achemwali."

"Akwana?"

Ndinayang'ananso manambala aja.

"Ndikufunsa chifukwa cha awo," anatero, n'kuloza pakhomo ndi mlomo. Pakhomo panali alamu a Layisoni, atavala jekete yawo ya Lamulungu, nkhanga ili m'khwapa. Iwo sanasanduke chilichonse. Holo yonse yadzaza nyama, iwo okha ali munthu bwinobwino, akupereka moni kwa odutsa, kwinaku akumasula lamba wa wotchi pang'onopang'ono.

Achemwali anapitiriza, "Madzulo ano ndikalowa m'nyumba, mwa zikwi zako zisanu ndi zitatuzo abwera ndani? Kale ndimathawira kwa amalume. Tsopano ndipita kwa yani, poti amalume ndi wailesi?"

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinayang'ana wotchi ya m'holo, ikuti kwatsala mphindi imodzi, ndiye ndinazindikira kuti zonsezi sizinachitikebe, nkhanga zonsezi zikhoza kubwerera m'sokosi. Paguwa panali foni yanga, yaikulu ngati chitseko, batani lofufutira lili pakati. Ndinathamanga, nkhanga zikundijompha akakolo, khwangwala akundikoka tsitsi, mabenchi akundipinga dala. Ndinagwa, ndinadzuka, ndinakwawa. Ndinalumbira, ndinati Mulungu mukangondifikitsa, podikasitiyo ndiisiya, maikolofoni ndikaiponya mu mtsinje wa Mudi. Ndinatambasula dzanja, guwa likutalikira, ndikulira mokweza, chala chatsala pang'ono chonchi, ndiye batani lija linatsegula pakamwa kuti lindiuze kanthu, koma m'malo mwa mawu munatuluka phokoso la madzi ogwera m'chitsulo.

Ndinatsegula maso. Anali aneba, atchera ndowa pampopi wa panja paja, madzi abwera. Pilo yanyowa. Ndinapapasa foni.

Apa ndi pamene sindinakuuze, Lonjezo, pamene unandiimbira uja ukukuwa ndi chimwemwe. Iwe ukuganiza kuti ndinadzuka mochedwa. Nthawi inali isanakwane. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri ndi ziwiri kuti 6 koloko ikwane. Ndinatsegula, kachidutswa kali pomwepo kakudikira, batani lofufutira lili pansi pake, laling'ono, lofikirika, popanda khwangwala, popanda benchi londipinga. Ndinaikapo chala. Ndiye ndinakumbukira nambala ija ya pakhoma la holo, zikwi zisanu ndi zitatu, ndipo ndikuuzeni zoona, anzanga, pansi pa mantha onse aja panali kanthu kena kamene kanakondwa. Ndinadziuza kuti maloto ndi maloto, dzina ndinachotsa. Ndinaika foni pachifuwa n'kumamvetsera madzi. Ndowa yoyamba inadzadza, aneba anaichotsa n'kutchera ina. Yachiwiri inadzadza. Yachitatu ili pakatikati, foni inayamba kunjenjemera.